Timafunso ta kumapeto m'Chingerezi: kodi "isn't it?" sakwanira paliponse?

NaNkhoma wa ku Lizulu

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumawerenga pano, makamaka aphunzitsi a Chingerezi. Ine ndimagulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi pa msika wa Lizulu, ndipo ndili ndi mwana wamkazi amene ali mu Fomu 4 chaka chino. Popeza tonse tikudziwa kuti mwana amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwanji maphunziro enawo, ndimakonda kuyang'ana m'makope ake kuti ndidziwe pamene pakumuvuta, ndipo pali chinthu chimodzi chimene ndachiwona pa masamba ambiri koma mutu wake sindikuwumvetsa.

Ndi timafunso tija timabwera kumapeto kwa chiganizo, timene aphunzitsi ake amatitcha "question tags". Mwanayu adalemba kuti "The traders have gone home, isn't it?" ndipo aphunzitsi adakhwatcha mawu awiri omalizawo n'kulembapo "haven't they?" Pena adalemba kuti "Your brother sells tomatoes, isn't it?" ndipo adamukonzera kuti "doesn't he?" Choyambacho ndikutha kuwona kumene chachokera, chifukwa "have" alimo kale m'chiganizocho, koma "doesn't" ameneyu watulukira kuti, pamene m'chiganizo monsemo mulibe mawu ofanana naye?

Chimene chikundizunguza kwambiri n'chakuti "isn't it?" ndimamumva tsiku ndi tsiku kwa anthu ophunzira bwino, m'maofesi, pa misonkhano ya tchalitchi, ngakhalenso pa wailesi, ndipo amamuika pa chiganizo chilichonse popanda wowadzudzula. Kodi anthu onsewa akulakwitsa, kapena ndi malamulo a mayeso okha amene ali okhwima chotere? Ndikufunanso kudziwa ngati eni chiyankhulocho amasinthadi timafunsoti akamacheza m'makomo mwawo, kapena ndi zinthu za m'mabuku zimene munthu amaziiwala akangotuluka m'chipinda cha mayeso. Ndithandizeni, kuti pomulangiza mwanayu ndisamuwonjezere chisokonezo.

Mphunzitsi wopuma, Bembeke

Mayi NaNkhoma, zikomo chifukwa chotsatira maphunziro a mwana wanu mpaka kulowa m'kope, ndipo mwachita bwino kufunsa za "doesn't", pakuti pamenepo ndi pamene ana ambiri amagwa.

Ndiyambe ndi chiyankhulo chathu. Ife tikafuna kuti mnzathu atsimikizire zimene tanena, timangowonjezera "eti?" kapena "si choncho?" Timati "Ana apita kusukulu, eti?", timati "Mvula sidagwe ku Tsangano, eti?", timatinso "Mubwera mawa, eti?", ndipo "eti" ameneyu sasintha, kaya tikunena za munthu mmodzi kapena ambiri, za dzulo kapena za mawa, zovomera kapena zokana. Si ife tokha. Anzathu a tsidya la malire ku Angónia akamayankhula Chipwitikizi amagwiritsa ntchito "não é?" mwa njira yomweyo, ndipo Chifalansa chili ndi "n'est-ce pas?" amene nayenso sasintha. Choncho mwana wanu sakuganiza mopotoka ayi. Wangotenga "isn't it?" n'kumupatsa ntchito ya "eti?", ndipo Chingerezi ndicho chimene chili ndi khalidwe lachilendo pa nkhani imeneyi.

M'Chingerezi kafunsoka kamamangidwa ndi zinthu ziwiri zotengedwa m'chiganizo chomwecho, zomwe ndi mneni wothandiza (monga "is", "have" kapena "can") ndi mlowam'malo wa mwininkhani (monga "he", "she" kapena "they"). Kalibe njira yakeyake, kamangotsata chiganizo monga ngolo itsata kumene ng'ombe zalowera. Chowonjezera n'chakuti chiganizo chovomera chimatenga kafunso kokana, ndipo chiganizo chokana chimatenga kafunso kovomera. Motero timati "She is coming, isn't she?", "You can drive, can't you?", "They will pay, won't they?", koma "He isn't ready, is he?" ndi "The children haven't eaten, have they?" Mukaona bwino mupeza kuti "isn't it?" ali ndi malo ake oyenera, ndipo malo akewo ndi amodzi okha, pamene mneni ali "is" ndipo mwininkhani ndi chinthu chimene chingalowedwe m'malo ndi "it". Munthu wafika pa Dedza mu Juni, chisanu chikuluma, atha kunena bwinobwino kuti "It is cold here, isn't it?"

Tsopano za "doesn't". M'Chingerezi cha masiku ano mneni wamba, monga "sell", "go" kapena "eat", sangathe kufunsa funso kapena kukana payekha, amafunika kuthandizidwa ndi "do", "does" kapena "did". Palibe amene amanena lero kuti "Sells he tomatoes?", onse amati "Does he sell tomatoes?" Kale sizidali choncho, chifukwa m'zaka za m'ma 1500 funso lopanda "do" lidali lachizolowezi, ndipo "do" adakhazikika pang'onopang'ono kufikira cha m'ma 1700. Ndiye kuti "does" amakhala wobisika m'chiganizo chovomera, ndipo amatulukira pamene pabwera funso kapena kukana. Njira imene ndinkawapatsa ana anga ndi iyi: asanalembe kafunso, asandutse chiganizo chonsecho kukhala funso loyankhidwa ndi "yes" kapena "no", ndipo mawu amene ayambe funsolo ndiwo alowe m'kafunso. "They arrived late" asanduka "Did they arrive late?", choncho kafunso kake ndi "didn't they?" Mwana akazolowera zimenezi sasowanso poyambira.

Pali malo ena amene olemba mayeso amawakonda chifukwa lamulo limaoneka ngati lathyoka. Mawu monga "never", "hardly", "nobody" ndi "nothing" ndi okana kale ngakhale mulibe "not", choncho amatenga kafunso kovomera: "She never complains, does she?", "Nothing happened, did it?", ndiponso "Nobody came, did they?", pamene "nobody" walowedwa m'malo ndi "they". Munthu akamanena za iye mwini amati "I am late, aren't I?", ngakhale kuti "I are" kulibe, ndipo ku Scotland ndi ku Ireland makamaka ndi kumene mungamve ena akuti "amn't I?" Palinso "Let's go, shall we?", "Close the door, will you?" ndi "There is water in the drum, isn't there?" Koma chimene ndidawona kuti chimakola ngakhale ana anzeru ndi mawu ofupikitsidwa. "He's tired" ndi "He's gone" amaoneka ofanana pa pepala, komatu woyambayo ndi "is" ndipo wachiwiriyo ndi "has", choncho wina atenga "isn't he?" ndipo wina "hasn't he?" N'chimodzimodzi "You'd like tea, wouldn't you?" ndi "You'd better go, hadn't you?"

Pa funso lanu lakuti kodi eni chiyankhulo amachitadi zimenezi, yankho ndi lakuti amachita, ndipo saganiza n'komwe. Ndikufuna mayi mulingalire izi, chifukwa ndi pamene ine ndimaona kuti ana athu sayenera kuopa. Inu pa msika mumati "mbatata yatha", "kabichi watha", "zipatso zatha", "chimanga chatha", ndipo simudaimepo kuti muganize ngati pakufunika "ya", "wa", "za" kapena "cha". Mlendo amene akuphunzira Chichewa amatuluka thukuta ndi zimenezi, koma mwana wa zaka zinayi kwathu kuno salakwitsa. Luso logwirizanitsa mneni ndi dzina mwana wanu ali nalo kale, ndipo ali nalo lochuluka kuposa limene Chingerezi chikumufunsa, pakuti magulu a mayina m'Chichewa ndi ambiri pamene alowam'malo a Chingerezi amene akufunika pano ndi owerengeka. Chimene chikusowa ndi kumuuza kuti pamalo pamene Chichewa chimapumula n'kunena "eti?", Chingerezi chimafuna kuti apitirize kugwirizanitsa mpaka pa mawu omaliza.

Sindinganene kuti anthu amene mumawamvawo ndi osaphunzira. Koma pa mayeso a MANEB, ndi m'kalata yofunsira ntchito, "isn't it?" wa paliponse amawerengedwa kuti ndi cholakwa, ndipo mwanayo adziwe zimenezi mosabisa.

Namwino, Ntcheu

Aphunzitsi afotokoza bwino za kamangidwe, koma ndikupempha kuti ndiwonjezere mbali imene kwa ine ndi yaikulu kuposa mayeso, yomwe ndi kayankhidwe ka timafunsoti.

M'Chichewa munthu akakufunsa kuti "Simunadye?" ndipo iwe sunadyedi, umayankha kuti "Inde, sindinadye," chifukwa "inde" wathu amavomereza wofunsayo, kutanthauza kuti zimene wanena n'zoona. M'Chingerezi "yes" ndi "no" sayang'ana wofunsa, amayang'ana chinthu chimene chachitika kapena sichinachitike. Munthu akafunsidwa kuti "You haven't eaten, have you?" ndipo sanadye, ayenera kuyankha kuti "No, I haven't," ndipo ngati wadya ayankhe kuti "Yes, I have." Kwa khutu la Mchewa kapena Mngoni zimamveka ngati ukutsutsa wofunsayo pamene ukugwirizana naye, ndipo n'chifukwa chake ambiri amangoti "yes" ali ndi mtima wabwino wofuna kuvomereza.

Pa ntchito yanga ndaona kuopsa kwa zimenezi pamene kwabwera madokotala ochokera kunja. Dokotala amafunsa wodwala amene akudikira opaleshoni kuti "You haven't eaten anything this morning, have you?" ndipo wodwalayo, amene amadziwa Chingerezi ndithu ndipo wakana womasulira, amayankha kuti "Yes." Iye akutanthauza kuti sanadye, koma dokotala wamva kuti wadya, ndipo popeza munthu sapatsidwa mankhwala ogonetsa m'mimba muli chakudya, opaleshoni itha kuimitsidwa popanda chifukwa. Zikatembenuka n'zoopsa kwambiri: wodwala amene wadya, pofuna kutsutsa dokotalayo, amati "No," ndipo dokotala amamva kuti zonse zili bwino. Mafunso a mankhwala nawonso ali chimodzimodzi, monga "You didn't miss any doses, did you?"

Chimene ndimawauza anamwino achichepere, ndipo ndikuganiza kuti chingathandizenso mwana wanu, mayi, n'chakuti asayankhe ndi liwu limodzi lokha pamene funso lili lokana. Anene chiganizo chachifupi chonse, "No, I didn't" kapena "Yes, I did," chifukwa mneniyo ndi amene amachotsa chikaiko ngakhale "yes" kapena "no" atasokonekera. Ndipo amene akufunsa, ngati nkhani ndi ya moyo wa munthu, asiye kafunso ka kumapeto n'kufunsa molunjika kuti "Have you eaten?"

Mbadwa ya ku Linthipe, Johannesburg

Ndawerenga zonse ndipo ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa za mayeso, komanso ndi anamwino pa za kayankhidwe. Koma ndili ndi mangawa pang'ono ndi maganizo amene anthu ambiri kwathu ali nawo, akuti pali Chingerezi chimodzi chokha cholondola ndipo zina zonse ndi zowonongeka. Ndidaphunzira za ziyankhulo ndisanabwere kuno, ndipo zimene ndimamva m'misewu ya kuno zandilimbitsa pa maganizo amenewa.

Kafunso kosasintha kali ponseponse kumene Chingerezi chimayankhulidwa. Ku India ndi ku Singapore "isn't it?" amaikidwa pa chiganizo chilichonse monga momwe timachitira ife, ndipo ku Wales, komwe ndi ku Britain komweko, amamvekanso. Ku London kuli "innit", amene adachokera ku "isn't it" yemweyo, ndipo achinyamata amamuika paliponse. Anthu a ku America amakonda "right?", a ku Canada amadziwika ndi "eh?", ndipo kuno ku South Africa mumamva "nè?" wochokera ku Afrikaans, komanso "is it?" amene amanenedwa poyankha nkhani iliyonse, ngakhale mutamuuza munthu kuti abale anu afika dzulo. Ngakhale timafunso tosintha tija sitigwiritsidwa ntchito mofanana ndi eni ake onse. Akatswiri awiri a ziyankhulo, Gunnel Tottie ndi Sebastian Hoffmann, adayerekeza macheza ojambulidwa a ku Britain ndi a ku America, ndipo mu 2006 adalemba kuti timafunsoti timapezeka mowirikiza ka 9 m'kuyankhula kwa ku Britain poyerekeza ndi kwa ku America. Ndiye kuti chimene ana athu amaphunzira ndi chizolowezi cha ku Britain makamaka, chimene chidafika kwathu ndi sukulu za mishoni ndi ulamuliro wa atsamunda.

Sindikunena izi kuti mwanayo anyalanyaze aphunzitsi ake. Ndikunena kuti mayi asamuchititse manyazi ndi Chingerezi chimene amamva kwa akuluakulu a kwawo, koma amuuze kuti pali cha pamsika ndi pa macheza, ndipo pali cha pa pepala, ndipo munthu wophunzira ndi amene amatha zonse ziwiri n'kudziwa pamene chilichonse chikufunika.

Chinanso chimene mabuku a sukulu sachitsindika mokwanira, chifukwa sichioneka pa pepala, ndi kakwezedwe ka mawu. Munthu wa ku England akanena kuti "It's hot today, isn't it?" n'kutsitsa mawu kumapeto, sakufunsa kanthu, akungokuitana kuti ugwirizane naye ndipo macheza ayambe. Akakweza mawu kumapeto, monga "You locked the door, didn't you?", ndiye kuti akukaikadi ndipo akufuna yankho. Palinso kafunso kovomera kotsatira chiganizo chovomera, monga "So you are the new driver, are you?", kamene kamasonyeza kuti munthu wangozindikira kumene, kapena wadabwa, nthawi zina ngakhale kukalipa. Ine ndidamva kamenekako koyamba kwa bwana wina kuno, ndipo lamulo limene ndidaloweza kusukulu silidanenepo kanthu za iko.

NaNkhoma wa ku Lizulu

Ndathokoza nonse atatu. Njira yosandutsa chiganizo kukhala funso tayesa dzulo madzulo ndipo mwanayu waigwira msanga, ndipo za kayankhidwe zimene anena anamwino zatitengera nthawi yaitali chifukwa lilime limakana. Koma tapunthwa pa chiganizo china chimene chili m'mafunso akale amene adabwereka kwa mnzake: "I don't think it will rain today." Mwanayu akuti kafunso kake ndi "do I?" popeza chiganizo chayamba ndi "I don't", ndipo potsatira lamulo limene aphunzitsi atipatsa ndikuona ngati akulondola, koma yankho limene lalembedwa kumapeto kwa pepalalo ndi lina. Aphunzitsi a ku Bembeke, kodi pamenepa pali chinsinsi chanji?

Mphunzitsi wopuma, Bembeke

Mayi, yankho lake ndi "will it?", ndipo mwana wanu walingalira bwino kufikira pamene lamulo la mawu okha limathera. Apa pakufunika kuti afunse kuti kodi woyankhulayo akufuna kuti mnzake atsimikizire chiyani. Munthu safunsa mnzake kuti amuuze zimene iye mwini akuganiza, popeza maganizo akewo akuwadziwa kale. Chimene akukaika ndi mvula. Choncho pamene chiganizo chayamba ndi "I think", "I suppose" kapena "I don't think", kafunso kamadumpha mawu oyambawo n'kukagwira mbali yachiwiri, imene ili ndi nkhani yeniyeni. Timati "I think she is at home, isn't she?" ndipo sitinena kuti "don't I?"

Chachiwiri n'chakuti kukana kumene kuli mu "I don't think" kwenikweni ndi kwa mvulayo. Woyankhulayo akutanthauza kuti mvula siigwa, kungoti Chingerezi chimakonda kusamutsa "not" n'kumuika kutsogolo pa "think". Popeza tanthauzo lake ndi lokana, kafunso kayenera kukhala kovomera, ndipo n'chifukwa chake tikupeza "will it?" osati "won't it?" Ifenso timachita zofanana tikamati "Sindikuganiza kuti igwa lero, eti?", pakuti amene akuyankha amayang'ana kumwamba n'kunena za mitambo, sanena za maganizo athu.

Koma achenjere kuti zimenezi zimachitika pamene woyankhula akunena za iye mwini, ndi "I", ndiponso pa nthawi ya tsopano. Mwininkhani akakhala munthu wina, lamulo lakale lija limabwerera: "She thinks it will rain, doesn't she?", chifukwa tsopano chimene tikufuna kutsimikizira ndi maganizo a mayiyo, ndipo maganizo a munthu wina tili ndi chifukwa chofunsira.

Pa zimene anena mbadwa ya ku Linthipe, ndikuvomereza zonse zokhudza maiko enawo, ndipo za kukweza ndi kutsitsa mawu ndikadakonda kuti aphunzitsi azipatula nthawi yoziyankhula m'kalasi, osangolemba pa bolodi. Pamene ndikusiyana nawo pang'ono ndi pa dongosolo la kaphunzitsidwe. Mwana wa ku London amene amati "innit" amadziwanso "haven't they?" chifukwa amamumva kunyumba ndi pa wailesi kuyambira ali wakhanda, ndipo atha kusankha. Mwana wa ku Lizulu amene sadaphunzire kusintha timafunsoti alibe chosankha, ali ndi "isn't it?" yekhayo. N'chifukwa chake ine ndingayambe ndi cha pa pepala, ndipo ndingamuyese pakamwa, osati polemba pokha. Inu mayi muziwerenga chiganizo kuchokera m'kope lake, iye azimaliza ndi kafunso mwachangu asanaganize, kenaka musinthane, inu mufunse kafunso kokana ndipo iye ayankhe ndi chiganizo chachifupi chonse monga alangizira anamwino. Muyambe ndi ziganizo za "is", "are" ndi "have", zikakhazikika mulowe za "does" ndi "did", ndipo za "nobody", "let's" ndi "I don't think" muzisiye kufikira sabata yachiwiri.